Mbuzi Yotupidwa ya Che Saidi

Ntchito ya pabutchala ku Ntaja ndinaipeza kudzera mwa Idirisa, mnzanga amene tinkamanga naye mabelo pafakitale ya thonje ku Balaka. Tonse anatichotsa tsiku limodzi. Anatisonkhanitsa pansi pa shedi, bwana wina wochokera ku Blantyre n'kutiuza kuti alimi asiya kulima thonje, makina akungodya magetsi, ndiye tiyambe tapuma, zikasintha adzatiitana. Kupuma! Munthu wa ana atatu amapuma? Tinabweza maovolosi ndi majombo kusitolo, aliyense n'kulowera kwake osatsanzikana.

Ine ndine mkamwini. Kwathu ndi ku Phalombe, koma ndinakwatira ku Phalula ndipo nyumba ndinamanga pamalo a akazi anga. Nthawi imene ndinkabwera ndi shuga ndi sopo pakutha pa mwezi ndinali munthu, aliyense ankandipatsa moni wogwada. Ntchito itatha, moni uja unayamba kufupika. Amalume a akazi anga ankati akamadutsa pakhomo n'kundipeza pakhonde, amalankhula ndi nkhuku. "Kodi tambala uyu amagwira ntchito yanji pano?" Ndinkamva, magazi n'kuwira, koma kwa eni kulibe mkuwe. Tsiku lina anasiya zophiphiritsa. "Akamwini, mvula ikadzagwa muli chikhalire, tidzaitana ankhoswe."

Sikuti ndinali chikhalire, iyayi. Ndinazungulira Balaka yense, ndinafika ku Liwonde, m'zigayo, m'malo omwetsera mafuta, kumakampani a ulonda. Paliponse mlonda wa pageti ankayamba kupukusa mutu ndisanatsegule pakamwa. Ndinaumba njerwa za eni, ndinakweza matumba a makala pamalole m'mbali mwa msewu waukulu, koma ganyu ndi ganyu, lero alipo mawa kulibe. Tinkadya tomato amene amayi a Tadala, akazi anga, ankagulitsa kumsewu. Zinkandipweteka kwambiri, ndipo ukali wanga unkathera pa ana osalakwa.

Ndiye Idirisa ataimba foni kuti m'bale wake, Che Saidi, akufuna munthu pabutchala poti wantchito wake wapita ku Joni, sindinafunse kawiri. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinalawira m'mawa mwake.

Che Saidi anali bambo wamtali, wosakonda kuseka. Anayang'ana manja anga asanayang'ane nkhope, n'kufunsa ngati ntchito ya nyama ndimaidziwa. Ndinavomera, poti mbuzi za pa Khirisimasi kumudzi ndinkasenda ndine.

"Ndiyamba ndakuonani," iwo anatero. "Mukandisangalatsa mukhala, apo ayi maminibasi ndi ambiri. Koma chinthu chimodzi: mpeni wanu usadzafike pakhosi pa chiweto chamoyo. Wozinga pano ndi Mwalimu Yusufu."

Mwalimu Yusufu anali mkulu wina wophunzitsa ana kumzikiti. Ankafika kukacha, mpeni wake wautali atakulunga m'kansalu. Ine ndinkagwetsa mbuzi, kuigoneka cham'mbali, kuiyang'anitsa kumene Asilamu amayang'ana popemphera, n'kupanikiza miyendo. Iwo ankatchula dzina la Mulungu, n'kudula kamodzi, magazi onse n'kutsanukira m'dzenje. Zikatero ntchito inali yanga. Kukoloweka pambedza, kung'amba chikopa m'miyendo, kusenda ndi chibakera osati ndi mpeni kuti chikopa chisabooke, kutumbula, kuchotsa ndulu pachiwindi mosamala, chifukwa ikaphulika nyama yonse imawawa. Kenako kutsuka chifu ndi matumbo, kudikira a vetenale aone mapapo ndi chiwindi, ndipo akadinda, ndiye kudula pachipika ndi chikwanje, n'kumaika pasikelo. Anthu ambiri ogula anali Asilamu, ndipo sankafunsa kuti wazinga ndani. Ankangoona nkhope ya Che Saidi basi.

Ine ndine Mkatolika. Kwathu misa amachita ndi wansembe yekha, ngakhale mkulu wa mpingo akhale wopemphera chotani. Ndiye nditaona Mwalimu akubwera tsiku ndi tsiku, ndinangoti m'mutu mwanga, uyu ndiye wansembe wa zozinga. Sindinafunse munthu. Ndinkaopa kuti ndikamafunsafunsa aona kuti ndine mbuli, n'kundikweza minibasi.

Tsiku lovuta linali la msika. M'mawa tinazinga bwinobwino, koma dzuwa litakwera kunafika uthenga woti mlamu wa Che Saidi wamwalira. Asilamu sagoneka maliro. Pasanapite nthawi butchala inali yanga ndekha, Che Saidi apita, Mwalimu apita, eni masitolo oyandikana nafe atseka. Pochoka Che Saidi anangoti, "Gulitsani yatsalayi. Yakuseriko muipatse madzi, ndi ya mawa."

Kuseriko kunali mbuzi yaikulu yofula, yonenepa zedi, imene Che Saidi anaisungira banja lina lomwe linali ndi ukwati. Ndinatanganidwa ndi ogula mpaka masana. Nditapita ndi ndowa ya madzi, mayo ine! Chingwe chinali chitamasuka, thumba la madeya lili chitsegukire, mbuzi ili gone. Mimba inali itatupa mbali ya kumanzere ngati ng'oma, thovu lili kukamwa, ikupuma mobanika. Inali itatupidwa.

Ndinathamangira kwa Maliko, bambo wokazinga chipisi pafupi nafe, Mkhristu mnzanga, kukapempha mafuta ophikira. Tinaikanula kukamwa, kuimwetsa, kuisisita mimba, kuiimika kuti igeye. Palibe chimene chinasintha. Miyendo inkangopinda. Ndinaimbira Che Saidi, foni yothimitsa. Mwalimu chimodzimodzi. Ndani angayankhe foni atanyamula jeneza, chithatha cha maliro?

"Achimwene, iyi yapita," anatero Maliko. "Ikafa yokha ndi yotaya, ndipo inu mupita nayo limodzi. Mpeni si uwo? Zingani. Mudzati Mwalimu anadzera pano asanapite kumanda. Akuonani ndani?"

Zoona, panalibe wotiona. Kuseriko kunali mpanda wa malata. Mpeni unali m'manja mwanga, wonola bwino, ndipo khosi la mbuzi linali pa bondo langa. Ndinaona amalume aja akuitana ankhoswe, ndinadziona ndikutuluka m'mudzi ndi kachikwama, ana akundiyang'ana. Sindinganame kuti sindinaganize, ndinaganiza ndithu. Koma ndinakumbukanso amayi a mkwatibwi, amene ankabwera m'mawa uliwonse, kulandira nyama m'manja mwanga osafunsa kanthu. Ine ndikawadyetse chimene iwo amachiyesa chodetsedwa, pa ukwati wa mwana wawo? Chinandikanika.

"Ndikawapeza Mwalimu kumanda komweko," ndinatero.

"Mwapenga inu," anatero Maliko.

Ndinakulunga mpeni m'saka, kukhoma butchala, n'kukuwira wakabaza woyamba amene ndinamuona. Anali Che Asani, bambo wa msinkhu wanga amene ankakonda kugula zam'kati madzulo. Tinamangirira mbuzi pakaliyala ndi malamba a mphira, mutu uli lende.

"Mukupita nayo kuti imeneyi?" anafunsa.

"Kumanda! Palasani, bambo, nkhani tikambe bwino!"

Iye anapalasa, ine ndikuthamanga pambuyo, dzanja limodzi likukankha njinga, lina litagwira nyanga kuti mutu usalowe m'masipoko. Tsiku la msika ku Ntaja njira sioneka. Tinapyola pakati pa ogulitsa kaunjika, tinagunda lichero la usipa wa mayi wina, iye n'kutitukwana m'Chiyao, mwamwayi sindinamve zonse. Titatuluka mumsika tinalowa mumchenga, njinga n'kutitimira. Che Asani anatsika, tonse n'kumakankha. Mbuzi inkalira ndi kamawu kakang'ono, kenako n'kukhala chete, kenako n'kuliranso. Ine ndinkaichonderera ngati munthu. Pirira, mayi wanga, tatsala pang'ono.

Tinaona mitengo ya kumanda, ndi gulu la amuna ovala mikanjo likutuluka. Ndinakuwa, "Mwalimu! Mwalimu Yusufu!" Anthu onse anatembenuka. Tangoganizani, anthu angoika kumene m'bale wawo, dothi likadali m'manja, ndiye kukubwera munthu wa epuloni yamagazi akukuwa ndi mbuzi panjinga. Ndinkadziwa kuti ndikulakwira mwambo, koma ndinalibe pothawira.

Mwalimu anafika, Che Saidi ali pambuyo. Ndinamasula malamba, n'kutulutsa mpeni. Mwalimu anagwada, anagwira mbuzi pachifuwa, anakhudza diso. Diso silinaphethire. Anadzuka n'kusasa mkanjo wawo.

"Yafa kale," iwo anatero. "Ikadali yofunda, koma yafa."

Ndinafotokoza zonse, mawu akuduka. Ndisanamalize, Che Asani anagwira m'chiuno.

"Aa! Kodi mpeni munali nawo? Ndiye mumafuna wozinga? Bwanji osanena? Ine si Msilamu kodi? Ndikanazinga pomwe paja pabutchala!"

Ndinamuyang'ana, osamvetsa. Mwalimu ndi amene anandiuza, mofatsa, kuti Msilamu aliyense wamkulu wodziwa kazingidwe angathe kuzinga, kaya wakabaza, kaya wogulitsa usipa. Iwo ankabwera pabutchala chifukwa Che Saidi anapangana nawo basi. Abale inu! Ndinathamanga mtunda wonse uja wozinga ali kutsogolo kwanga akupalasa, ndipo mumsika ndinapyola ozinga osawerengeka. Ena m'gulumo anaseka chamumtima, ena anatsonya. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Che Saidi sanakweze mawu. Maso awo anali ofiira ndi maliro. "Bwererani nayo. Mukakumbe dzenje kuseri."

Za ntchito sananene kanthu, ndipo kukhala chete kumeneko kunandiopsa kuposa kukalipa. Tinabwerera wapansi, mbuzi ili panjinga. Ndinabwereka khasu n'kuyamba kukumba. Nthaka ya chilimwe inali youma ngati konkire. Ndikukumba choncho ndinkakonza mawu okawauza amayi a Tadala, koma sankapezeka. Mitambo inali itayamba kale kusonkhana masiku amenewo, ndipo aliyense ankanena kuti mvula ili pafupi.

Che Saidi anafika ndi amuna angapo ochokera kumaliro, pamodzi ndi bambo wa mkwatibwi, amene tinamusungira mbuzi ija. Bamboyo anali atakwiya, akufunsa kuti alendo ake mawa adya chiyani. Maliko naye anabwera, akupukuta manja pathalauza, kufuna kuoneka wanzeru.

"Bwana, munthu wanuyu ndi wogona," iye anatero. "Ine ndinamuuza kuti angozinga, palibe amene akanadziwa. Nyama yonseyi ikupita m'dothi chifukwa cha mantha. Bola mundigulitse ine motchipa."

Bambo wa mkwatibwi anasiya kulankhula, n'kuyang'ana Maliko, kenako ine. Che Saidi anandifunsa ndili m'dzenje momwemo.

"Anakuuzani zimenezo?"

"Eya, bwana."

"Munalipo awiri okha?"

"Awiri okha."

Anatembenukira kwa Maliko. "Bwererani ku chiwaya chanu." Atatero anagwira okha miyendo ya mbuzi ija, n'kuikokera m'dzenje, ine n'kukwirira onse akuona. Kenako Che Saidi anauza bambo wa mkwatibwi kuti asadandaule, mbuzi ina ipezeka kusanache.

Anthu atabalalika ndinatsuka khasu, ndinavula epuloni, n'kuipinda bwinobwino, kuiika pachipika. Ndinaima n'kumadikira mawu aja a minibasi.

"Mwandipweteka lero," anatero Che Saidi. "Chingwe simunachione, pakamwa simunatsegule. Safunsa anadya phula. Mbuzi yabwino ngati imene ija!" Anapukusa mutu nthawi yaitali. "Koma mbuzi ndigula ina. Mukanazinga, n'kudzamveka, ndipo zikanamveka ndithu ndi pakamwa pa Maliko uja, anthu awa sakanapondanso pano mpaka ine kufa. Epuloniyo mwaipindiranji? Mawa kuli ukwati, mulawire."

Ndinakhala pansi pomwepo, pasimenti ponyowa, ndipo misozi inatuluka pamaso pa mwamuna mnzanga. Sindinachite nayo manyazi.

Ndikadali pabutchala pomwepo. Chiyambire tsiku limenelo ndimafunsa chilichonse, ngakhale chooneka chopusa, ndipo aliyense wobwera kudzaphunzira ntchito ndimamuuza tsiku loyamba kuti ulova umachititsa munthu mantha, mantha n'kumutseka pakamwa, ndipo pakamwa potseka ndi pamene panapha mbuzi ija. Ndimamuuzanso kuti ogula akamalandira nyama osafunsa, asamayese kuti ndi opusa. Amakhala kuti akukhulupirira dzanja lako, ndipo chimenecho ukachitaya sungachigulenso pamsika.

Mvula yoyamba inagwa ndili pachipika, chikwanje chili m'manja. Ndinatuluka dala panja kuti indinyowetse, n'kuimbira amayi a Tadala kufunsa ngati kwawoko yafika. Anati yafika, ana akusewera m'matope, ndipo andisungira mbewu kuti ndikabwera Loweruka tidzabzale limodzi.