Mkono wa Cyprian ndi Kanthambo ka Kapitawo

Cyprian wa ku Kasisi anabadwa woonda, ndipo thupi lake silinasinthepo maganizo. Masiku aja a chipani chimodzi, ntchito ikusowa ngati sopo m'sitolo, depoti ya chimanga pa Chongwe inkalemba onyamula masaka nyengo yokolola. Koma kapitawo wake, bambo Tenson, sankayesa munthu ndi saka ayi. Anali ndi kanthambo ka mfundo: akakakulunga pamkono pako n'kupezeka kakukhwepa, basi, bwerera kwanu.

Cyprian ntchitoyo ankaifuna zedi. Mkazi wake Anastasia anali ndi pakati, ndipo chimanga chawo chinali chitapsa ndi dzuwa. Choncho iye ndi msuweni wake Greenwell anathira simenti m'zitini za penti, n'kulowetsamo paipi, nayamba kunyamula kuseri kwa nyumba. Chakudya chimodzi, zitini zomwezo. Greenwell anafufuma ngati mandasi, ngakhale ankajomba kaŵirikaŵiri. Cyprian sankajomba. Anawonjezera simenti mpaka paipi kupindika, koma mkono unangokhala ngati mpini wa khasu. Zinkamuwawa, nanga ndani sizingamuwawe?

Tsiku lolemba anthu, kanthambo kanachepa pamkono wa Greenwell. Pa wa Cyprian kanalendewera, mzere wonse n'kufa nacho chiseko.

"Iwe, yenda ukadye poyamba," anatero kapitawo.

"Ba kapitawo, kanthambo kanu kananyamulapo saka liti?"

Sanadikire yankho. Anapita pamulu, nawerama, naponya saka paphewa, n'kukwera nalo thabwa lolowera mulole.

"Sininakulembe iwe!" anakalipa kapitawo.

"Niziba. Uzani saka kuti nine woyonda, mwina izaseluka yeka paphewa."

Ananyamula mpaka dzuwa kupendeka, wosalembedwa, wosalipidwa. M'mawa mwake anabweranso, mkuja wake chimodzimodzi. Kapitawo atatopa kumuthamangitsa, anamulemba, nkhope ili ndwii. Cyprian anagwira ntchitoyo mpaka imvi, mwana anabadwa uja anaphunzira mpaka ku koleji ya Chalimbana, koma mkono sunakule ngakhale pang'ono.

Anzake akale sasimba za imvizo. Amasimba za tsiku analembedwa lija, pamene saka lina linamasuka kukamwa, chimanga n'kuyamba kutayika. Cyprian anatambasulira kapitawo dzanja. Bambo Tenson anapisa m'thumba, nam'patsa kanthambo kaja. Cyprian anamangira pakamwa pa saka, nakoka mfundo mwamphamvu, n'kukwera nalo mulole.