Lole ya Alamu Inkamva Kuzizira

Alamu anga a Hudson Muhaniwa anali ndi akazi awiri, ngakhale abusa ankadziwa mmodzi yekha. Woyamba anali achemwali anga a Eneles, obadwa nawo bere limodzi. Wachiwiri anali lole ya pa esiteti ya tiyi pomwe tonse tinkagwira ntchito, kunsi kwa phiri la Mulanje, zaka za m'ma 1950. Dzina loti Amayi Aang'ono anaipatsa loleyo ndi achemwali omwewo, ndipo sanaipatse mwachikondi ayi.

Alamu anali munthu wamfupi, wa mawu ochepa, woyenda ngati wachedwa kwinakwake. Makolo awo anawoloka mtsinje wa Muloza kuchokera kwa Apwitikizi iwo ali kumsana. Kuyendetsa galimoto anakaphunzira ku nkhondo, m'mapiri a ku Abisiniya, ndipo anabwerako ndi zinthu ziwiri. China chinali chijasi chachikulu cha asilikali chimene sankabwereketsa munthu, ngakhale munthuyo azinjenjemera pamaso pawo. Chinacho chinali chikhulupiriro chakuti galimoto imamva kuzizira ngati ine ndi inu.

Mu Juni ndi Julaye, chiperoni chikaphimba phiri lonse n'kumawaza kamvula kake kosatha kaja, alamu ankalawirira kutereka madzi m'chitini. Musaganize kuti anali osamba. Ankakawathira mu rediyeta, kumphuno kwa lole, kenako n'kumangapo chiguduli chakuda ndi mafuta kuti mphepo isalowe yambiri. Akatero ndiye ankapukusa handulo yolizira galimoto, n'kuima pambali kumvetsera injini, mutu atapendeketsa.

Ine monga mlamu wawo ndinali ndi ufulu wowaseka, ndipo ufuluwo sindinauwononge. Tsiku lina ndinawafunsa ngati Amayi Aang'ono agona bwino.

"Sekani, alamu a Janeti," anandiyankha. "Injini yozizira ndi yosusuka. Petulo akalowa m'chitsulo chozizira sapsa yense, ndiye umakoka kabatani aka, choki, kuti imwe wambiri. Mafuta a m'kati nawonso amakhala atalimba ngati phala la dzulo. Ikafunda, choki umabweza, imayamba kumwa mwaulemu. Koma iyiyi kachitsulo kake kosunga kutentha kanachotsedwa kalekale. Popanda chiguduli, m'chiperoni singafunde ngakhale muyende nayo mpaka ku Limbe."

Amenewo anali mawu ambiri kuposa amene ankalankhula sabata yathunthu. Achemwali, omwe ankamva ali pakhonde, anangoti: "Ine ndikatsokomola amati imwani madzi a mandimu. Anzangawo akangoti khoo kamodzi, bambo a Marjory atuluka opanda nsapato."

Marjory anali mwana wawo yekhayo wamkazi, ndipo Julaye wina anapeza banja. Mnyamatayo anali Bonface wa ku Likhubula, mmodzi wa amuna otsitsa matabwa a mkungudza pamutu kuchokera pamwamba pa phiri. Ukwati unali woti ukadalitsidwe kwathu ku Milonde, m'tchalitchi momwe Marjory anabatizidwa. Vuto linali la abusa. Ankayendera mipingo yambiri pa njinga, ndipo ananeneratu kuti Loweruka la ukwatilo masana akakwana anyamuka, kubweranso kwawo ndi mvula itagwa. Kumudzi mbuzi inali itaphedwa kale, thobwa lili m'mitsuko, nyemba za kalongonda zitaphikidwa ndi kutsanulidwa madzi mpaka manja a azakhali athu kutuwa.

Bwana wa esiteti analola kuti alamu atenge lole, nawapatsa chitini chimodzi cha petulo. Za pobwerera sizinali nkhawa, chifukwa Lolemba loleyo inali yoti itenge njerwa ku Milonde komweko ndipo kapitawo akanabweretsa petulo wina. Koma ulendo wopitawo unali wautali: kuchoka pa esiteti kukatenga akuchimuna ku Likhubula, kubwerera kudzera pa boma, kenako mpaka ku Milonde. Alamu anaviika kamtengo mu thanki, pakuti singano yoonetsa petulo inafa kale, nati akwanira ngati injini iyenda yofunda.

M'mawa wa Loweruka kunacha bwino, kadzuwa kakusuzumira. Amayi a m'malayini a nyumba za antchito anakongoletsa lole ndi maluwa ofiira ndi makwawule a nthochi mpaka inaoneka ngati nayonso ikukwatiwa. Alamu atatulukira ndi chiguduli chawo, achemwali anaima kutsogolo kwa lole manja ali m'chiuno.

"Bambo a Marjory, chisanza chimenecho lero ayi. Mwana wanga akafike kwathu pa galimoto yovala chiguduli? Anthu a ku Milonde adzatiimba nyimbo mpaka tidzafe."

"Mayi a Marjory, kuzizira."

"Kuzizira kuti? Dzuwa ilo simukuliona?"

Amayi onse anavomereza ndi phokoso, ine ndikuwombera m'manja. Alamu anayang'ana kumwamba, anayang'ana mwana wawo atavala zoyera, nagonja. Chiguduli chinaponyedwa kuseri kwa khitchini.

Sitinafike n'komwe pa boma popita pamene chiperoni chinatigwera. Phiri linasowa ngati silinakhaleko. Mkwatibwi anali kutsogolo ndi bambo ake, ife tonse kumbuyo, tikuimba kuti mano asagundane. Achemwali okha ndiye anali pabwino. Anali atafunda bulangete lofiira latsopano limene anagula kwa mmwenye ku Limbuli atathyola tiyi dzinja lonse, ndipo ankalisisita ngati mwana wakhanda. Pansi pathu lole inkatsokomola. Alamu akabweza choki, injini inkafuna kuzima, akakoka inkatulutsa utsi wakuda wonunkha petulo wosapsa.

Ku Likhubula akuchimuna anakwera ndi ng'oma zawo ndi mitolo ya nzimbe. Bonface anali atavala suti yobwereka imene manja ake ankalekezera pakati pa mkono. Lole inalemera, msewu unali woterera, ndipo Amayi Aang'ono anapitiriza kumwa ngati ali pa mowa wa masanje. Titabwerera pa boma alamu anaima pa sitolo ya mpope wa petulo, koma mwini wake anatambasula manja. Petulo anatha, ankadikira wobwera pa sitima ku Luchenza.

Alamu anatsika, naviika kamtengo kaja, nakayang'ana nthawi yaitali. Nyimbo zinatha zokha. Sanakalipe, sananene kuti ndinakuuzani, ndipo ndikhulupirira kuti zimenezo ndi zomwe zinawalasa kwambiri achemwali.

"Ikapitiriza kumwa chonchi tikathera panjira," anatero motsitsa mawu. "Ikafunda, mwina."

Dzuwa silinkaoneka, koma tonse tinkadziwa kuti abusa ali ndi wotchi. Marjory anatulutsa mutu pawindo, misozi ili mbwembwembwe. Amuna anayamba kufunafuna thumba loti aphimbire mphuno ya lole, koma amene anali nalo linali lodzaza mpunga wa pa ukwati. Mkulu wina wa akuchimuna anati tingoyamba wapansi, ngati kuti ku Milonde ndi kuseri kwa nyumba.

Achemwali anaimirira. Anatsika pa lole chobwerera m'mbuyo, mwendo ukufufuza tayala, napita kutsogolo. Anazula maluwa aja okha ndi manja awo. Kenako anavula bulangete lofiira, natsala ndi delesi yopyapyala m'kamvula kaja, nalipinda pawiri n'kuliyala pamphuno pa lole.

"Mangani, bambo a Marjory. Muwauze anzangawo kuti ndawabwereka chabe. Akandifikitsire mwana."

Alamu anamanga ndi luzi la mitolo ya nzimbe, nasiya kampata m'munsi kuti madzi asawire. Atamaliza anaima kaye. Kenako anamasula mabatani a chijasi cha ku nkhondo chija, chimene ngakhale malemu bambo athu anachipempha n'kukanizidwa, nawaveka akazi awo pamaso pa anthu onse, n'kuwakwezera kolala. Chinawafika m'mapazi. Nthungululu imene inalira pamenepo inatulutsa anthu m'masitolo. Ine ndinalira misozi, ndipo sindichita nazo manyazi.

Tinanyamuka pang'onopang'ono. Titadutsa minda ya tiyi ya kum'mawa kwa boma, mawu a injini anasintha. Kutsokomola kuja kunatha, utsi wakuda unaleka, ndipo alamu anatulutsa dzanja pawindo n'kumenya chitseko kawiri. Choki chinali chitabwezedwa. Ng'oma za akuchimuna zinayamba, ife n'kulandira nyimbo. Pokwera mtunda alamu ankaima kukuza kampata kaja, potsetsereka ankangoilekerera kuti idziyendera. Anthu a m'njira ankasiya makasu kuonerera lole yofunda bulangete, ndi mayi wovala jasi la msilikali ataimirira kumbuyo ngati akupita kukalanda dziko.

Denga la tchalitchi litangoonekera, injini inagwedezeka kawiri n'kukhala chete. Petulo anathera pomwepo. Mwayi wake kuchoka apo msewu ndi wotsetsereka, ndiye tinatsika mwakachetechete, matayala okha akulira m'matope. Pamene lole inafuna kuima, Bonface analumpha ndi suti yake yobwereka, anzake otsitsa matabwa pambuyo pake, naikankha mpaka pakhomo. Abusa tinawapeza atagwira kale njinga, miyendo ya buluku atamanga. Anatiyang'ana, anayang'ana lole, naitsamiritsanso njingayo kukhoma akuseka.

Marjory anakwatiwa tsiku lomwelo. Mayi ake anakhala pa benchi la kutsogolo ali m'jasi, ndipo nyimbo anthu a ku Milonde anatiimbadi, koma inali yoti tonse tinavina nawo mpaka miyendo kuwawa.

Bulangete lija linabwerako ndi banga la mafuta pakati ndi fungo losachoka. Achemwali analichapa, nalinunkhiza, napukusa mutu. Analidula mofanana ndi mphuno ya lole, nalipinda m'mphepete ndi ulusi wakuda, nasokerera zingwe m'makona, n'kusiya kachitseko kotsegula kukatentha. Alamu anayendetsa loleyo mpaka maso awo atayamba kuchita chidima, ndipo jasi lawo sanalionenso pathupi pawo. Ankapita ku ntchito ndi juzi, osadandaula.

Chaka chotsatira, m'mawa wina wa chiperoni, ndinadutsa pakhomo pawo ndi dengu langa la tiyi. Ndinapeza achemwali ali m'jasi lija, akuphula chitini cha madzi otentha pamoto. Ndinawafunsa ngati alamu ayamba kusamba m'mawa masiku ano.

"Iwowo akasambe kumtsinje," anatero achemwali. "Awa ndi a anzanga."