Katundu wa a Namakhwa

Lachiwiri lina, pa bolodi la zidziwitso pa Boma la Thyolo, pakati pa pepala la katemera wa agalu ndi la mbuzi yosochera, anakhomapo chidziwitso cha khoti. Chinati a Yesaya Namakhwa a kwa Mphuka alephera kubweza ngongole, choncho katundu wawo yense alembedwa ndi kugulitsidwa, ndipo amene anawakongoza alandira zawo "mwachilungamo ndi mosachedwa". Panali chidindo, siginecha, ndi chidindo china chotsimikizira choyambacho.

A Namakhwa anagwira ukapitawo pa esiteti ya tiyi zaka 26. Ntchito yoloza ndi ndodo siituluka m'thupi, moti atapuma anapitiriza kuloza. "Nyumba yanga iyo," ankatero poperekeza alendo, "munda wanga wa tiyi uwo, mbuzi zanga izo." Akazi awo, a Fainess, sankatsutsa. Ankangopitiriza kupeta.

Mawu omwewo anawalemba pa fomu ya kampani ina ya ku Limbe, imene inawapatsa matumba 200 a feteleza kuti azigulitsa kwa alimi. Alimi anatenga fetelezayo, tiyi anabiriwira, ndipo aliyense analonjeza kulipira mwezi ukatha. Miyezi inatha yambiri. Kunabwera chisamani, kenako makalata atatu a Chingerezi, amene a Namakhwa anawasunga bwinobwino m'Baibulo, kenako chigamulo.

Wolemba katundu, bwana wa tayi dzina lake a Mervin, anafika pa kabaza, fayilo kukhwapa. Anapeza mudzi wonse uli pabwalo. Kutsogolo kunakhala a Elson, alongo awo a Fainess, eni mbumba, atavala jekete ngati pali ukwati.

"Nyumbayi ndi yanu, bambo?" anafunsa a Mervin.

A Namakhwa anayang'ana malata, anayang'ananso anthu. Akati inde, a Fainess ndi adzukulu agona panja. Akati ayi, kuloza kwa zaka makumi atatu kuthera pompo, anthu akupenya.

"Ine pano ndine mkamwini," anatero chapansipansi.

"Kwezani mawu, alamu," anatero a Elson. "Bwana akulemba. Pa esiteti paja mawu anu ankamveka mpaka kufakitale."

"Ndine mkamwini! Ndinangodzakwatira!"

Kumbuyo mayi wina analulutira.

A Mervin, amene kwawo mwamuna ndiye mwini khomo, anapukuta magalasi. "Nanga mundawo?"

"Anasiyira akazi angawa ndi malemu apongozi."

"Mbuzi?"

"Za Teleza, mwana wathu. Anamupatsa ndi atsibweni akewa."

"Koma pa fomu munalemba kuti zonsezi ndi zanu."

"Analemba okha, bwana," anayankha a Fainess. "Ife tinali kothyola tiyi. Ndipo mpando mwakhalirawo ndi wanga, musaulembe."

A Mervin anadzuka pang'ono, anakhalanso. "Ndiye munabwera ndi chiyani pamudzi pano?"

"Njinga ndi sutikesi."

"Sutikesi ya bambo a Telezawa inadyedwa ndi chiswe kalekale," anatero a Fainess. "Ili m'nyumbayo ndinagula ndine."

Fomu ya boma inali ndi mizere makumi anayi. A Mervin anadzaza umodzi, ndipo pa mzere wachiwiri analemba majombo, koma anafufuta atamva kuti ndi a esiteti, a Namakhwa anangoiwala kubweza. Kampani ya ku Limbe inatumiza loya kudzatsutsa. Loyayo anafunsa nkhalamba zisanu ndi ziwiri za pamudzipo, ndipo zonse zinakumbukira bwino tsiku limene mnyamata wa ku Chimaliro anafika akukankha njinga yophwa.

Masiku ano a Namakhwa akamaperekeza alendo amapinda manja kumbuyo. Nyumba ilipo, tiyi akuthyoledwa, a Fainess akupeta.

Njinga inagulitsidwa pa okushoni pa mtengo wa K18,000. Anagula ndi a Elson, ndipo amawabwereka alamu awo Loweruka lokha. Kulengeza okushoniyo m'nyuzipepala kunadya K60,000.