Nthenga ya Nkhuku ndi Chingerezi cha Amayi Aang'ono

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, a Muhiwa, ndimamva fungo la guluu womatira machubu ndi la girisi wakuda amene sankachoka m'zikhadabo zawo. Ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango pa Chiringa, beseni la madzi pambali, pampu pamwendo, ndipo chinthu chimene sanachiyese ndi manja awo sankachikhulupirira. Mano akutsogolo analibe. Anayi onse anawasiya mumsewu wa ku Nazombe tsiku limene ankayesa mabuleki a njinga ya kasitomala.

Mwana wawo womaliza, amayi aang'ono a Esinati, ndiye anali woyamba pamtundu pathu kupita ku yunivesite. Ankaphunzira Chingerezi. Ali patchuthi, ndinawapeza kuseri kwa nkhokwe atagwira kagalasi ka njinga, lilime lili pakati pa mano, akutulutsa mpweya ngati chubu chobooka. M'buku limene linali pamiyendo pawo munali chithunzi cha mutu wa munthu wodulidwa pakati, lilime ndi kholingo zili poyera. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ndinathamanga kukanena kwa agogo, ndipo imeneyo ndiyo nkhani yoyamba imene ndinafalitsa.

Kwathu kutulutsira munthu wamkulu lilime ndi chipongwe chachikulu. Agogo anafika mwakachetechete n'kuima kumbuyo kwawo, ndipo m'kagalasimo anaona nkhope yawo yomwe, pambali pa lilime la mwana wawo.

"Iwe Esinati, lilime limenelo ukutulutsira ine?"

"Ayi bambo, ndikuwerenga."

"Kuwerenga kwake n'kumeneku? Sukulu yodula anthu mitu n'kumaphunzitsa chipongwe, subwererako. Nandolo akusowa wokolola."

Kunali kutatsala sabata imodzi kuti abwerere, ndipo kumeneko kunkawadikira mayeso a katchulidwe ka mawu, oyankha pakamwa pamaso pa aphunzitsi. Chikwama cha amayi aang'ono agogo anachitsekera kuchipinda. Masiku awiri amayi aang'ono sanandiyankhule.

Tsiku lachitatu anatenga buku lija n'kupita nalo pansi pa mango, pamene panali makasitomala atatu. Anagwada, natsegula pa mutu wodulidwa uja.

"Bambo, uyu si mtembo, ndi pulani. Mapapo ndi pampu. Apa pakhosi ndi vavu. Lilime ndi milomo zimatseka kapena kutsegula njira ya mpweya. Azungu ali ndi liwu lina limene silituluka pokhapokha lilime likhudze mano akutsogolo. Ndikalilephera, ndalephera mayeso."

Agogo anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, chala cha girisi chikulondola njira ya mpweya kuchokera m'chifuwa mpaka pamilomo.

"Ndiyese kaye ine," anatero.

Anakankhira lilime pamene panayenera kukhala mano. Linangopitirira mpaka panja, ndipo malovu anakatera pa malaya oyera a kasitomala wina, mlaliki wa mpingo. Atayesa kachiwiri, mlalikiyo anasuntha benchi.

"Chilankhulo ichi anapangira anthu a mano okhaokha," anagamula agogo. "Chilomwe chathu sichisankha. Koma pulaniyi ndi yoona. Tachita iwe."

Amayi aang'ono anachita. Agogo anatola nthenga ya nkhuku, kuiika patsogolo pa milomo yawo, n'kuiyang'anitsitsa mmene inkagwedezekera.

"Mpweya ukuthawira pambali. Chubu chotere sindingachibweze kwa mwini wake. Bwereza."

Masiku anayi otsalawo, m'mawa uliwonse asanatsegule bokosi la masipanala, munthu amene Chingerezi sankachidziwa n'komwe ankayeza wophunzira wa ku yunivesite ndi nthenga, makasitomala ali pabenchi kudikira ndi matayala awo akuphwa. Tsiku lomaliza anatulutsa chikwama chija, nachimangirira okha pakaliyala, n'kuwaperekeza kokwerera galimoto. Mayesowo amayi aang'ono anakhoza, ndipo mpaka imfa yawo agogo ankauza aliyense wobwera ndi njinga kuti mwanayo anamukonza ndi iwo, yunivesite inangopaka penti.

Lero ndine mtolankhani. Bwana wovala suti akaimirira pamsonkhano n'kuyamba kugubuduza Chingerezi, anzanga amaweramira m'mabuku kulemba mawu ake. Ine ndimayamba ndayang'ana pakamwa. Ambiri mpweya umawathawira pambali, ndipo m'holo monsemo mulibe ndi mmodzi yemwe wolimba mtima woti awauze kuti abwereze.