Galasi Latsopano pa Mfuti ya a Naas

A Naas Mouton anali munthu wa mapampu a mphepo. Kuyambira ku Rehoboth kutsika mpaka ku Kalkrand, pampu ikasiya kukoka madzi, nkhosa n'kuyamba kulira pa chomwera chouma, mwini famu ankangoti, "Kawaitaneni a Naas." Ankafika ndi kagalimoto kawo kakale kotsegula kumbuyo, n'kukwera nsanja yachitsulo ija osayang'ana pansi, masipanala akulira m'thumba. Manja amenewo ndiwo anali munda wawo. Ana anayi anaphunzira sukulu ndi manja omwewo.

Koma mukanawafunsa eni ake kuti iwo ndi ndani, za mapampu sakanatchula n'komwe. Akanakuuzani za mfuti.

Chaka chilichonse chisanu chikagwira, mu Juni, banja lonse la kwa akazi awo, la a Klazen, limasonkhana pa famu ya makolo kukasaka nswala zolumpha zija, masipiringiboko, kuti apeze nyama yofutsa yodya chaka chonse. Pabanjapo pali mwambo wake. Nyama yoyamba amawombera ndi mwamuna wamkulu pa onse, ndipo amalasa kumutu. Kumutu basi. Nswalayi ndi kanyama kochepa. Ukailasa paphewa ndiye kuti waononga theka la ndiwo, ndipo amayi kukhitchini sakuiwala mpaka chaka chinacho. Chiwindi cha nyama yoyambayo amachikulunga m'mafuta a m'mimba n'kuchiwotcha pamakala, ndipo amene anawombera uja ndiye amayamba kuluma. Chimwalirire apongozi awo, woyamba kuluma anali a Naas.

Tsono nswala za kuno sizilola kuti uziyandikire. Dziko n'lachidikha, tchire n'lofika m'mawondo, ndiye zimakuona usanazione. Zimaima uko, patali poti mutu wake umaoneka ngati kambewu ka mtedza. Pa mfuti ya a Naas panali galasi lakale loonera patali, lokuza kanayi, limene anagula asanakwatire, ndipo ankalitama ngati mwana woyamba.

Chaka chathachi zinthu zinalakwika. Anayang'ana kumutu monga mwa masiku onse, mfuti n'kulira, koma nswala sinagwe. Inalumpha n'kuthawa ndi zinzake. Chipolopolo chinali chitaphwanya chibwano chokha. Anaifunafuna mpaka mdima osaipeza. Patapita masiku, mlamu wawo a Barnabas Klazen, mlongo wa akazi awo, anaipeza itaima pa chomwera cha nkhosa, itaonda, chibwano chili lende. Madzi inkawaona koma kumwa osatha. A Barnabas anaimalizitsa pomwepo, ndipo atabwera kunyumba sananene zambiri, iwo amene pakamwa pawo sipatera ntchentche.

Za nswala imeneyo a Naas sankagona nazo tulo. Munthu amene moyo wake wonse wakhala akupatsa ziweto madzi, lero n'kupha nyama ndi ludzu! Zinkawawawa, ndipo zikamuwawa mwamuna wa mtundu wawo amafuna poloza chala. Iwo analoza galasi.

"Lachita nkhungu m'kati," ankatero kwa aliyense, ngakhale amene sanafunse. "Galasi limakalamba, anthuni."

Chisanu china chikuyandikira, a Barnabas anadutsa pakhomo Lamulungu potuluka m'tchalitchi. Anakhala pakhonde, chipewa pabondo.

"Alamu, chaka chino bwanji mungokhala pamoto muzitiwotchera? Ukulu ndi womwewo. Chiwindi tidzakupatsanibe choyamba, mano akadalipo."

"Iwe Barnabas, ndinayamba kuwombera iwe ukukodzera mphasa."

"Ee, n'chimene ndikunenacho. Munayamba kalekale."

"Vuto ndi galasi. Ndikagula lina, udzaona."

Mayi Magrieta, akazi awo a Naas, anabwera ndi khofi. Kwa mlongo wawo anapereka kapu yodzaza mpaka m'milomo, kwa amuna awo yofika pakati.

"Taona mlongo wakoyu," anatero a Naas. "Masiku ano wayamba kundimana. Khofi wanga ndi wa theka, ngati ndine mlendo wobwera ndi ngongole."

"Mukamaliza ndikuonjezerani, bambo," anayankha mayiwo, n'kulowa m'nyumba. Zimenezi zinali zitayamba kale ndithu, ndipo a Naas ankangoti ukalamba wawalowetsa kuumira akazi awo.

Anagulitsa ng'ombe yamphongo imene ankaisungira tsiku loipa, n'kunyamuka ulendo wa ku Windhoek. M'sitolo ya mfuti anapezamo mayi wina wojintcha, magalasi a m'maso atakankhira pamphumi, amene ankaoneka kuti alenje onama wamva ambiri.

"Amalume, mukufuna galasi la ntchito yanji?"

"Nswala. Kumutu. Patali."

Mayiyo anatulutsa magalasi atatu n'kuwayala pa tebulo. Anayamba ndi lapakati. "Ili limakuza mpaka kakhumi ndi kawiri. Likukwanirani. N'lopepuka, m'mawa kukali kachisisira limaonetsa bwino, ndipo nyama ikasuntha simuitaya. Ine bambo anga ndinawagulira lomweli."

"Nanga ilo lalikululo?"

"Ilo ndi la anyamata owombera zitsulo pa mpikisano. Mukapotoza mphete iyi limayambira kanayi mpaka makumi awiri ndi kanayi. Koma kukuza kwambiri si kuona bwino, amalume. Masana kukatentha mpweya umavina m'katimo ngati madzi owira. Komanso silisankha chokuza. Limakuza nyama, limakuzanso inuyo."

A Naas sanamvetsere zomalizazo. Kuno aliyense amadziwa kuyesa kwake kwa galasi: umaliloza kunja kwa zenera la sitolo, pa wotchi ya pansanja ya tchalitchi. Mayiyo anaika galasi lalikulu lija pa timatumba tamchenga tomwe amasungira ntchito yomweyo, a Naas n'kuwerama. Mayo ine! Wotchi inabwera mpaka pamphuno. Anaona dzimbiri pa muvi wa mphindi, anaona njiwa ikuphethira. Kamtanda ka m'kati mwa galasi kanali phee pa diso la njiwayo, osasuntha ngakhale pang'ono.

"Talinyamulani m'manja muone," anatero mayi uja.

"Ndaona kale. Likulungeni."

Akanalinyamula, nkhani ino bwenzi itathera m'sitolo momwemo. Koma munthu amene wagulitsa ng'ombe kuti apeze yankho safuna funso lina.

Kunyumba analimanga pamfuti n'kukaliyesa kuseri kwa khola, mfuti itagona pa matumba a chimanga cha nkhuku, kutsogolo thumba, kumbuyo thumba. Zipolopolo zitatu zinalowa malo amodzi pa katoni imene anaimika patali, poti n'kuphimba ndi chala chachikulu. Katoni imeneyo anayenda nayo m'galimoto sabata yonse. Anaionetsa kwa abusa. Anaionetsa kwa a Barnabas, amene anaitembenuza uku ndi uku n'kunena kuti, "Katoniyi yafa ndithu, alamu. Tiiwotche chiwindi?"

Tsiku losaka linacha ndi chisanu choluma makutu. Madzi a pa chomwera anali ataundana pamwamba. Kusaka kwa kuno sikuthamangitsana: owombera amakhala pansi pobisala, okwera akavalo n'kuzungulira kutali, kumakankha gulu la nswala pang'onopang'ono kuti lidze lokha. A Naas anakhala pansi pa kamtengo kaminga m'mbali mwa chitunda cha mchenga wofiira, mfuti itatsamira pa ndodo ziwiri zopingasa. A Barnabas anakhala pambali pawo. Anati akufuna kuona zodabwitsa za ku Windhoek, koma onse awiri ankadziwa chimene anakhalira pamenepo ndi mfuti yawo pamiyendo.

Nswala zinatulukira dzuwa litangokwera pang'ono. Zinayenda, kuima, kuyendanso, kenaka zinaima ndithu kutsidya kwa chidikha. Yamphongo ina inapatuka payokha n'kutembenuza mutu.

"Iyo ya kumanzere," ananong'ona a Barnabas.

"Ndili ndi maso."

A Naas anapotoza mphete ija mpaka kumapeto, n'kuika diso. Nswala inadzaza galasi lonse. Anaona mzere wakuda wotsika kuchoka padiso kufika pakamwa, anaona nthunzi ikutuluka m'mphuno mwake. Chibadwire anali asanaonepo nyama yamoyo pafupi chotere. Mtima wawo unakondwa, koma kukondwako sikunakhalitse.

Kamtanda kankavina. Kanali pakhutu, kenaka pachibwano, kenaka m'malere, n'kubwereranso pachibwano. Anapuma mpweya, n'kuutulutsa theka monga anaphunzitsira ana awo. Kankavinabe. Anakanikiza chigongono pabondo, anamanga mano. Kuvina kwake sikunali kwa kugunda kwa mtima, kuja kumene mlenje aliyense amakudziwa n'kudikira kuti kudutse. Uku kunali kunjenjemera kwakung'onokung'ono kosalekeza, ndipo kunkachokera m'dzanja lamanja.

"Bwanji?" anafunsa a Barnabas.

"Likuvina."

A Barnabas anati, mawu ali pansi, "Ndi mpweya wotentha umenewo, alamu. Magalasi akuluakuluwa amatero."

Mpweya wotentha, madzi ali chiundanire pa chomwera! A Naas anamva chisoni cha mlamu wawo m'mawu amenewo, ndipo chinawapweteka kuposa chipongwe chonse cha zaka makumi anayi.

Anabweza mphete ija. Kakhumi ndi kawiri: kuvina kunachepa. Kasanu ndi katatu: kunatsala pang'ono. Atafika pa kanayi, pamene panali galasi lawo lakale, nswala inabwerera kutali, mutu ngati kambewu ka mtedza, ndipo kamtanda kanakhala phee pamutupo. Kanali bata ngati mwala. Ndi mmene kanaonekera chaka chatha.

Apa ndiye anamvetsa. Galasi lakale lija silinachite nkhungu. Linkangowabisira. Dzanja linkanjenjemera chimodzimodzi, kungoti pa kanayi diso silinkaona. Anakumbukira manati a mabawuti amene akhala akuwapulumuka ali pamwamba pa nsanja, iwo n'kumatukwana chisanu. Anakumbukira batani la kolala limene linkawavuta kumanga Lamulungu m'mawa. Chakudza sichiyimba ng'oma, koma ichi chinali chitaimba ndithu, iwo ndiwo anatseka makutu.

Chala chinali pa kachitsulo kowombera. Pa kanayi zonse zinkaoneka bwino. Akanatha kukoka, ndipo mwina nswala ikanagwa pomwepo, iwo n'kudya chiwindi, katoni ija n'kukhala mboni yawo chaka china. Mwinanso ayi. Palibe amene akanadziwa zimene anaona m'galasimo, ngakhale a Barnabas.

Anapotozanso mphete mpaka kumapeto. Kamtanda kanayambiranso gule wake, khutu, chibwano, m'malere. Nswala inali kubzikula, chibwano chikuyenda uku ndi uku, chathunthu. Anaiyang'ana nthawi yaitali kuposa mmene mlenje amayenera kuyang'anira nyama.

Kenaka anachotsa chala, n'kukweza mutu.

"Barnabas, sendera kuno."

"Mwati bwanji, alamu?"

"Ndati sendera. Kagalasi kakoko n'kachidole, ungaphonye nako ngakhale khola. Gwira iyi. Ika pa khumi ndi kawiri, osapitirira. Kamphepo kakuchokera kumanja, ugwire patsinde pa khutu."

A Barnabas anatsegula pakamwa, nthabwala ili kale pa lilime. Anayang'ana dzanja limene linkawapatsa mfutilo, n'kutseka pakamwa paja. Anasendera, anaika diso, anapuma. Mfuti inalira kamodzi, nswala n'kugwa pamene inaima, osataya ngakhale mwendo.

Masana pamoto panali phokoso la masiku onse, ana kulimbirana mafupa, amayi kudula nyama m'mizeremizere n'kumaithira mchere. Chiwindi chitapsa, a Barnabas anachitenga pa mpeni n'kulunjika nacho kwa a Naas.

"Galasi ndi lanu, mfuti ndi yanu, mphepo munawerenga ndinu. Ine ndangobwereketsa chala."

"Usandinyengerere ngati mwana. Mwambo umati wowombera. Idya, usanandikwiyitse."

A Barnabas analuma, anthu onse akuyang'ana, ndipo kwa nthawi yoyamba chimwalirire apongozi aja woyamba kuluma sanali a Naas. A Naas anamva kuwawa, osati pang'ono. Anatembenuka n'kumakankha makala ndi kamtengo ngati pali chimene akukonza.

Mayi Magrieta anabwera ndi ketulo. Anathira khofi m'kapu ya amuna awo, n'kulekeza pakati monga mwa masiku onse. A Naas anailandira. Anayang'ana khofi akugwedezeka m'katimo, kukwera mbali iyi, kukwera mbali inayo, osafika m'milomo mwa kapu, osatayika ngakhale dontho.

"Magrieta," anatero motsitsa, "unayamba liti kundithirira theka?"

"Chaka chatha chisanafike chisanu, bambo."

"Osandiuza?"

"Mukanamva?"

A Naas anagwira kapu ija ndi manja awiri, pamaso pa banja lonse, n'kumwa.