Mapale amene sanalowe m'kope

Amene wandikakamiza kulemba izi ndi mwana wa achimwene anga, mphunzitsi wa ku Dwangwa. Akuti wolakwa ndine. Ine ndikuti ndi iyeyo, koma cholembera n'chake, ndiye ndangovomera.

Ine ndimaumba mitsuko kuno ku Ngala. Mwa amene tinaphunzira kwa amayi, ndatsala ndekha. Awiri anamwalira, wina anakwatiwa n'kugula ndowa yapulasitiki, ija madzi ake amafunda ngati tiyi. Zala zanga nazo zayamba kukana, makamaka mu Juni.

Chaka chatha mphunzitsiyu anabwera ndi kope. "Azakhali, mukadzafa luso limeneli litha. Nenani, ine ndizilemba."

"Ndiyambe chiti, kufa kapena kunena?"

"Kunena."

Ndinanena zonse: kokumba dongo, kapondedwe kake, kusalaza ndi chikonyo cha chimanga, kuumitsa pamthunzi, nkhuni zootchera. Iye anakachita fotokope n'kugawira magulu a amayi. Mtsuko wanga wina anakauika pa shelefu ku loji ina kunyanjaku, kapepala pambali. Uli bwino, sugwira ntchito, alendo amangoujambula.

Amayi ena a ku Nkhunga anatsatira pepala la mphunzitsiyo mzere ndi mzere. Mitsuko yawo yonse inaphulika pamoto, phu! phu! mpaka mbuzi kuthawa. Anabwera kudzandifunsa, mwaulemu ndithu, koma mpando anaukana.

"Mapale munasinja ochuluka bwanji?" ndinawafunsa.

"Mapale ati, mayi?"

Apo m'pamene ndinazindikira. Dongo lakwathu kuno lokha sililimba pamoto. Umatenga mapale a mphika wakale wosweka, kusinja mpaka akhale ngati mchenga, n'kusakaniza ndi dongolo. Izi sindinamuuze mphunzitsi, chifukwa pakhomo pathu ngakhale nkhuku zimadziwa zimenezo. Mphunzitsi uja anandipezadi ndikusinja tsiku lija, koma ankayesa ndikusamala zinyalala, moti mapale otsala anandithandiza kukataya kudzala. Ndinangomuthokoza, ndi mwana waulemu.

Tsopano mapepala aja afika kutali, sitingawatolerenso, ndipo ine sindingayende mudzi ndi mudzi ndi maondo awa. Ndiye inu amene mwawerenga izi, mukaona munthu ali ndi pepala limenelo, muuzeni alembe m'munsi mwake kuti pa manja anayi a dongo athire dzanja limodzi la mapale osinja. Iyenso akauze mnzake, asanasonkhe moto.