Pedulo Yofiira Imene Sindinaiponde

Mlamu wanga atanditumizira pedulo ya besi kuchokera ku Joni, ndinayamba kuyenda ngati bandi yonse ndi yanga. Ndi kabokosi kofiira koyatsa pochita kuponda ndi phazi, kokhala ndi timabatani topotokola kuti mawu a gitala anenepe kapena awonde.

Loweruka lina tinkaimba pa ukwati pa loji ina ku Senga Bay. Anzanga akukonza zida, ine ndinagwada pamchenga n'kumapotokola timabatanito, diso limodzi nditatsinzina ngati katswiri.

"Mukumva kusiyana kwake, a Phiri?" ndinafunsa mkulu wa bandi yathu.

"Onjezerani pang'ono," iwo anatero. Ndinapotokola. "Eya, pamenepo. Tsopano ikugunda pachifuwa."

Ndinapempha kyutekisi wopaka zikhadabo kwa mayi wotiimbira, n'kudontheza pa batani lililonse kuti malo ake asasokonekere. Ndinaopsezanso kuti wokhudza kabokosiko aona zakuda.

Tili mkati mwa nyimbo yolowera akwati, mtambo unaphimba dzuwa, ndipo m'pamene ndinaona kuti kagetsi ka peduloyo sikakuyaka. Ndinali ndisanaiponde n'komwe, mawu a gitala ankangodutsa osasintha. Ndinaiponda mobisa. Sipika inalira ngati nkhumba yogwidwa mwendo, mkwatibwi mpaka kuphonya sitepe. Ndinaipondanso msangamsanga, kenako ndinatembenuka n'kuyang'ana woimba kiyibodi ndi diso loipa. Mnzangayo anakalipiridwa pagulu, ine ndikungopitiriza kuimba besi yanga.

Mpaka lero ndimainyamula kulikonse, yozimitsa. A Phiri amauza mabandi ena kuti chinsinsi chathu chili m'kabokosi kofiira, ndipo ine ndimavomera ndi mutu, modzichepetsa.